Ng'oma Yolira Bwino Sichedwa Kung'ambika

Akuluakulu anati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Kawirikawiri mwambiwu amauponyera munthu amene watchuka, pomuchenjeza kuti achepetseko moto poti kumveka kwambiri kumathera m'misozi. Koma aliyense amene anaimapo pafupi ndi oimba ng'oma pabwalo la tchopa ku Thyolo kuno akudziwa kuti ng'oma sidzimenya yokha. Imang'ambika chifukwa manja onse amathamangira iyoyo. Zinzake zogonthera zimangotsamira pamtengo, chikumba chili gwa, pamene yomveka bwinoyo ikuchoka m'manja mwa uyu kulowa m'manja mwa uyo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka tambala woyamba. Ndiye ofunika kuumva mwambiwu ndi omenya ndi ovina, ife amene kulira kwake kumatikomera m'khutu. Ine ndikaumva, maganizo anga amathamangira kwa anamwino a m'zipatala zimene zili pakati pa minda ya tiyi m'boma lino.

Mvula ikayamba kumapeto kwa chaka, tiyi amaphukira mwamphamvu, ndipo kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo ntchito m'maesiteti imafika pachimake. Ku Satemwa, Makandi, Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi kwina konse kumalembedwa anthu ambiri a ntchito ya panyengo. Makomboni amadzaza. Anthu amalawirira m'mame ndi madengu kumsana, kuthyola masamba mvula ili pamutu, maso ali pasikelo chifukwa malipiro amatsata makilogalamu. Miyezi yomweyi ndi imene udzudzu umaswana, malungo amagwetsa ana, madzi a m'zitsime amada, kutsekula m'mimba kumabuka, ndipo m'nkhokwe za m'midzi yozungulira simukhala kanthu. Nyengo ya ndalama kwa mwini munda ndi nyengo ya matenda kwa wothyola, ndipo zonse ziwiri zimakumana pakhomo la kachipatala ka paesiteti.

Pitani pakhomo limeneli m'mawa wa Lolemba mu Januwale. Benchi yadzaza kusanache, ena akhala pansi m'khonde atafunda mapepala apulasitiki. Aliyense wagwira kabuku kake ka kuchipatala, kena konyowa mpaka masamba kumatirirana. Mkati muli namwino mmodzi, patebulo pali kaundula wamkulu, kabokosi ka zoyezera malungo ndi makina a BP amene lamba wake anasokedwapo kale. Walowa bambo amene chikwanje chamutema pamsongolo. Watsatira mayi amene msana wakana kuwerama. Kenaka mtsikana wodwala pakati amene akubisa chifukwa akuopa kuti ganyu imuthera. Pambuyo pake mwana wotentha thupi ali kumbuyo kwa mlongo wake wa zaka khumi, poti amake ali kumunda. Aliyense mwa amenewa, akalandira mankhwala, amatsitsa mawu n'kunena zofanana: "Anesi, mundilembereko kapepala ndipumeko." Kapepalako ndi kamene kakamuteteze kwa kapitawo kuti tsiku lisadulidwe.

Apa pali katundu amene salembedwa m'kalata yolembera munthu ntchito. Namwino wa paesiteti amalipidwa ndi bwana yemweyo amene akufuna masamba afike kufakitale asanafote. Akapereka mapepala opumira ambiri, amadziwa kuti chiwerengerocho chikawonedwa ndi maso ena. Akakaniza, madzulo adzakumana ndi mayi uja pamjigo, akuyenda chopendama, ndipo Lamulungu adzakhala naye benchi imodzi kutchalitchi. Tsiku lililonse amaweruza milandu makumi angapo yotere, yekha, popanda womufunsako nzeru, ndipo mlandu uliwonse umamusiyira kachilonda.

Odwala kwambiri amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo, chipatala cha mpingo wa Seventh-day Adventist ku Makwasa, komwe mishoni yake inayamba mu 1902 ndipo mpaka lero kumaphunzitsidwa anamwino. Pakati pa zipatala zikuluzikuluzi ndi midzi pali zipatala zing'onozing'ono monga ku Bvumbwe, Khonjeni, Mikolongwe ndi Chimaliro, ndiponso cha Thekerani kumapiri uko. Zonsezi zimasamalira anthu oposa 700,000 amene kalembera wa 2018 anawapeza m'bomali. Mabanja a othyola tiyi, alimi a nthochi, alimi ang'onoang'ono a tiyi, onse amathera m'manja mwa anamwino omwewo.

Mbiri ya namwino wabwino imayenda msanga kuposa ambulansi. Amayi pamtondo amauzana kuti, "Mukapite Lachitatu, kumakhala anesi aja aulemu aja." Lachitatu mzere umafika kumsewu. Wobaya jakisoni mosapweteka, wopeza mtsempha wa khanda pamene anzake alephera, wosakalipa mayi akabwera wopanda nsalu zokwanira, ameneyo ndiye aliyense amamufuna. Akaweruka anthu amamutsatira kunyumba, poti nyumba za ogwira ntchito zimakhala kuseri kwa chipatala komweko. Pakati pa usiku chitseko chimagogodedwa: "Odi, anesi, pepani, mwana wakomoka." Iye sanganene kuti lero ndili pa ofu. Ngakhale mkulu wake akamakonza ndandanda wa ntchito, wina akadwala kapena akapita kumaphunziro, dzina loyamba kubwera m'mutu ndi la amene sakana. Mkuluyo sachita izi mwankhanza. Akufuna wodi iyende, ndiye amagwira chimene chikugwirika. Chotsatira chake n'chakuti khama limalipidwa ndi ntchito ina, pamene waulesi amapuma chifukwa palibe amene amamudalira.

Usiku ndiye nkhani ina. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, mafumu ambiri anaika chindapusa kwa wochilira kunyumba, ndipo amayi anamvera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Ichi n'chinthu chonyadira nacho, chapulumutsa miyoyo yosawerengeka. Koma amayi onse amene kale ankagawanika m'manja mwa azamba a m'midzi tsopano amafikira pabedi la namwino mmodzi wa naiti.

Magetsi azima, sola inatha mphamvu cha m'ma 10 koloko. Namwino walumira foni pakamwa kuti kuwala kwa tochi kulunjike pamene pali manja ake. Pabedi loyamba mutu wa mwana waonekera. "Kankhani, mayi, kankhaninso, musatope." Pabedi lachiwiri mayi amene wachira ola lapitalo wayamba kutaya magazi, nsalu yanyowa mpaka pansi. Pakhomo gadiyani akuitana kuti wina wafika pa njinga yakabaza, matenda ayamba kale. Namwino ali ndi manja awiri. Ayenera kusankha m'kanthawi kochepa kwambiri kuti athamangire kuti, ndipo kulikonse kumene sapita kukhoza kutuluka maliro. Akaimba foni kuitanitsa ambulansi amauzidwa kuti yapita kwina, kapena kuti mafuta palibe, kapena kuti msewu wa matope sukudutsika. Kukacha, ngati onse ali moyo, palibe amene amadziwa chimene chachitika usikuwo kupatula iye ndi mayi wokolopa. Amasamba m'manja, kulemba m'kaundula, n'kupeza kuti womulandira sanabwere ndipo kunja kwadzaza amayi a sikelo.

Munthu akhoza kupirira usiku umodzi wotere, ngakhale khumi. Zaka zisanu za usiku wotere zimasintha munthu. Poyamba amangomva kutopa kumene tulo sitikuchotsa. Amadzuka m'mawa thupi lili lefu ngati sanagone. Kenaka amayamba kuona kuti kulira kwa wodwala sikukumulowanso mumtima, kukungomusokosa. Mayina amasanduka manambala a mabedi. Pomaliza amayamba kudzifunsa ngati ntchito yakeyi ili n'phindu, poti amene wamuchiza lero abweranso mwezi wamawa ndi nthenda yomweyo, kuchokera kunyumba yodontha yomweyo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalemba vutoli m'buku lake la matenda ngati chinthu chochokera kuntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu zomwezi: kutheratu mphamvu, mtima kutalikirana ndi ntchito, ndi kudziona wosapindula. Linanenetsa kuti gwero lake ndi kupanikizika kwa kuntchito kumene kwakhalitsa kosathetsedwa. Kuno kwathu ofufuza anayeza. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011, wochitika pakati pa ogwira ntchito za uchembere pachipatala china chachikulu m'dziko muno, anapeza kuti 72 mwa 100 aliwonse anali atatheratu mphamvu mumtima. Wina wa mu 2018, pakati pa othandiza anthu amene ali ndi HIV m'zipatala zambiri, anapeza vutoli mwa 62 pa 100 aliwonse.

Tikamamva pa wailesi anthu akuimba foni kudandaula za anamwino amwano, tisafulumire kutseka makutu, chifukwa madandaulo ambiri ndi oona. Mayi amene anatukwanidwa ali pa ululu wa kubereka saiwala mpaka imfa, ndipo palibe kutopa kumene kumayeretsa chipongwe chotero. Alipo anamwino amene analowa ntchitoyi ndi mtima wouma kale. Koma ndimakana kukhulupirira kuti ndi ochuluka. Ambiri mwa amene lero tikuwatcha ankhanza ndi omwe aja zaka zingapo zapitazo amayi ankauzana pamtondo kuti mukapite Lachitatu. Chimene tikumva ndi kulira kwa ng'oma imene chikumba chake chayamba kuthetheka, ndipo tonse tinali pabwalo pamene inkamenyedwa.

Eni ng'oma enieni amadziwa kuisamala. Amaiwamba pamoto gule asanayambe, amaimata phula pakati, ikalefuka amaiika pambali n'kutenga ina, ndipo akamaliza saisiya pamvula. Boma la Thyolo lili ndi mbiri yosonyeza kuti nzeru zoterezi zimatheka m'chipatala, ndipo mbiriyo inalembedwa pa nthawi yowawa kuposa ino.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi inali itagwira boma lino pakhosi. Pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse opita kusikelo ankapezeka ndi kachilombo. M'mawodi odwala ankagona pansi ndi pansi pa mabedi. Nthawi yomweyo anamwino ophunzira bwino ankakwera ndege kupita ku Britain, ena ankalowa m'mabungwe olipira bwino, ndipo ena ankamwalira ndi nthenda yomwe ankasamalirira anzawo. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linafika ku Thyolo mu 1997, linayamba kupereka ma ARV mu 2003 mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo. Mu lipoti lake la 2007 lotchedwa Help Wanted linanena kuti ku Thyolo wothandizira dokotala mmodzi ankatha kuona odwala mpaka 200 pa tsiku. Madokotala analipo owerengeka pa zala. Njira imene inapezeka inali yogawana katundu: ntchito ya dokotala inatsikira kwa anamwino, ntchito ina ya anamwino monga uphungu ndi kuyeza magazi inatsikira kwa alangizi a zaumoyo ndi aphungu ophunzitsidwa, ndipo mankhwala anachoka kuchipatala cha boma kupita kuzipatala za kumidzi. Pofika 2007, Thyolo inali itafikira anthu 8 mwa 10 aliwonse ofunika mankhwalawa mwachangu, chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke m'boma losauka. Dziko lonse nalo linali litayamba ndondomeko yapadera yosunga ogwira ntchito zaumoyo, imene kuyambira 2005 inawonjezera malipiro awo ndi 52 pa 100 ndi thandizo la boma la Britain ndi Global Fund, komanso kuchulukitsa ophunzira m'makoleji.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri m'mbiri imeneyi ndi kanthu kakang'ono ka mu 2006. Chaka chimenecho pachipatala cha boma ku Thyolo panatsegulidwa kliniki ya ogwira ntchito zaumoyo okhaokha pamodzi ndi mabanja awo, ndipo panakhazikitsidwanso gulu lolimbikitsana la ogwira ntchito amene anali ndi HIV. Wina anazindikira kuti namwino amene tsiku lonse amauza ena kuti kayezetseni, iye mwini sangaime pamzere womwewo pamaso pa odwala ake, ndiye amangodwalira mumtima mpaka kugwa. Anamupatsa khomo lakelake lolowera ndi anzake omumvetsa. Sizinafune nyumba yatsopano ya nsanjika. Zinafuna kuti akuluakulu avomereze kuti wovala yunifomu yoyera nayenso ndi munthu wa mnofu.

Patapita zaka, mu 2012, Thyolo inatengera nzeru ina kwa abale athu a ku Tete m'dziko la Mozambique, kumene inayamba mu 2008. Anthu akumwa ma ARV amene ali bwino anayamba kupanga timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, n'kumasinthana kukatenga mankhwala a onse. Wothyola tiyi sanafunikenso kutaya tsiku la malipiro mwezi uliwonse, ndipo mzere wa namwino unafupika. Apa odwala eni ake ndi amene anasenzako mbali ya denga, monga mwambi wina umanenera kuti mutu umodzi sulisenza.

Chowawa n'chakuti kugawana kuja, kumene kunapulumutsa anthu zikwizikwi, kunasiya gawo lalikulu pamutu pa namwino, ndipo chaka ndi chaka pamawonjezeka china. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo pa ma ARV a moyo wonse, ndipo woyambitsa mankhwalawo ndi namwino wa kusikelo. Ndondomeko iliyonse yatsopano imabwera ndi kaundula wake ndi lipoti lake la pamwezi. Mu 2020 kunabwera Covid-19, ndipo mu Epulo chaka chimenecho ogwira ntchito zaumoyo m'zipatala zingapo ananyanyala pofuna zodzitetezera ndi ndalama za chiopsezo. Ena ankakanizidwa kukwera minibasi poopedwa kuti anyamula matenda. Isanathe bwino, kolera inabuka mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola midzi, milatho ndi misewu kuno kummwera, anthu oposa 1,000 anafa, ndipo anamwino amene nyumba zawo zinagwa kapena abale awo anakwiririka ankamanga mabala a ena m'misasa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, malipiro n'kusungunuka ali m'manja. Pakati pa zonsezi sipanakhale chaka chopumira.

Njira imene zipatala za boma zimatsekera mipata ndi lokamu: namwino amene ali pa ofu amabwerera kudzagwira maola owonjezera kuti alandire kangachepe. Ambiri amavomera chifukwa fizi ya ana ikudikira ndipo kumudzi aliyense amadziwa kuti kwathu kuli nesi wolandira pamwezi. Ndiye tsiku lopuma limagulitsidwa, ndipo kawirikawiri ndalama yakeyo imachedwa miyezi. Munthu amene amayenera kugona ali m'wodi, akuwerengera madontho a dripi ndi maso ofiira. Nthawi yomweyo bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti anamwino ochuluka omaliza maphunziro ali pakhomo osalembedwa ntchito, chifukwa boma limati thumba la malipiro ndi lochepa. Ili ndi bala limene limandipweteka kwambiri: kuseri kwa phiri kuli mtsikana amene anakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council, satifiketi ili m'sutikesi, pamene pachipatala choyandikana naye mnzake akubereketsa amayi atatu yekha ndi tochi pakamwa.

Pali mawu amodzi amene timakonda kuwauza anamwino, makamaka m'mapemphero ndi pa zikondwerero za pa 12 Meyi, tsiku lokumbukira anamwino: unamwino ndi maitanidwe. N'zoona, ndipo ambiri a iwo amakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ndi chikhulupiriro chimenecho chimene chimawadzutsa pakati pa usiku chitseko chikagogodedwa. Koma mawu omwewa amasanduka chingwe akagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa munthu amene akuti ndatopa. Namwino akadandaula za nyumba yodontha, za magolovesi amene atha, za tchuthi chimene sanapite zaka ziwiri, n'kuyankhidwa kuti munalumbira nokha, amaphunzira kukhala chete. Ndipo pachikhalidwe chathu munthu wamkulu, makamaka mayi amene banja lonse likumuyang'ana, sanena kuti mtima wanga wafooka. Amati mutu ukundiwawa, amamwa panado, n'kubwerera m'wodi. Amuna ena amakazimitsira kumowa.

Thandizo limene anamwino amalitchula akamacheza okhaokha si lapatali. Amafuna kuti oyang'anira akabwera kuchokera kuboma asamangotsegula kaundula kufunafuna pamene palakwika, koma akhale pansi afunse kuti usiku mumagwira bwanji muli nokha. Mayi akamwalira pobereka pamakhala msonkhano wounika imfayo, ndipo cholinga chake n'kupeza pamene panaduka chingwe, kaya ndi magazi amene kunalibe, kaya ambulansi imene inachedwa. Msonkhanowo ukasanduka bwalo la milandu, namwino amene anakhala ndi mayiyo mpaka kutsirizika amachoka atasenza imfayo yekha, ndipo mawa lake amayembekezeka kumwetulira pa sikelo. Akanapatsidwa ngakhale tsiku limodzi, ndi munthu mmodzi womumvetsera, ambiri sakanafika pouma mtima. Amafunanso kuti ofu ikhale ofu, tchuthi chikafika pakhale wobwera kudzagwirizira, ndipo lokamu ilipidwe mwezi womwewo.

Eni maesiteti nawo ali ndi gawo lawo, ndipo njira anaiona kale. Mu 2015 makampani a tiyi, ogula akunja ndi mabungwe anayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kukweza malipiro ndi chakudya cha ogwira ntchito, ndipo mu 2016 bungwe la eni minda la Tea Association of Malawi linasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU. Ngati zinatheka kukhala pansi kuwerengera phala ndi nsima ya wothyola, n'zothekanso kuwerengera kuti m'miyezi ya mvula, pamene mazana a anthu alembedwa kumunda, kuchipatala kwawonjezeka manja angati. Esiteti imene imadziwa kulemba othyola a panyengo ikhoza kulembanso namwino wa panyengo kuchokera mwa achinyamata amene ali pakhomo aja, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Ndipo chiweruzo cha namwino chakuti uyu apume masiku atatu chiyenera kulemekezedwa popanda iye kukaitanidwa kuofesi kukafotokoza.

Ife a m'midzi tili ndi makomiti a zaumoyo pachipatala chilichonse, ndipo mafumu amakhala nawo pafupi. Makomitiwa amadziwika polandira madandaulo a odwala ndi posainira mankhwala akafika, zomwe n'zofunika. Akhozanso kuumba njerwa za nyumba ya namwino wachiwiri, chifukwa nthawi zambiri chimene chimalepheretsa munthu kuvomera kukagwira kumapiri a Thekerani ndi kusowa pogona. Akhoza kugwirizana m'mudzi kuti chifuwa cha masiku atatu chidikire m'mawa, chitseko cha anesi chigogodedwe usiku pa zoopsa zokha. Akhoza kupita kwa phungu wawo ndi kwa khansala ndi chiwerengero m'manja: amayi ochira pamwezi ndi awa, anamwino ndi awa, mipata yosadzazidwa ndi iyi, n'kubwereranso mwezi wotsatira kukafunsa kuti kalata ija yafika pati.